Mbewa zikachuluka siziika masa, ngakhale pa biti

 Ndakhala duu kwa masabata angapo kaamba kochonga mayeso a Fomu 3, koma lero ndabwera ndi nkhani imene yandikhala pakhosi. Ndikudziwa kuti ena mukangoona mawu oti hip-hop muyamba kunena kuti bambo uja wayambanso zake zija. Dikirani kaye. Nkhaniyi yadya ndalama za mwana amene ine ndi ena a inu tinamuphunzitsa, ndiye ikutikhudza tonse.

Loweruka lapitali kunyumba kunabwera mnyamata wina amene analemba MSCE zaka zitatu zapitazo. Dzina sinditchula, ndipo wandilola yekha kuti ndilembe izi. Ali pasukulu ankakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo kumapeto kwa kope lake lililonse kunkakhala ndakatulo. Titapatsana moni anatulutsa foni ndi mahedifoni, nati, "Aphunzitsi, ndatulutsa nyimbo. Tamvani, koma mundiuze zoona."

Nyimboyo ndi ya mphindi zinayi ndipo ili ndi mayina asanu. Kolasi yake ikunena za mayi amene amadzuka usiku kukazinga mandasi kuti mwana apeze fizi. Vesi yoyamba ndi ya mnyamatayo, ndipo ndinamva tsitsi likuima, chifukwa mayi akewo ndimawadziwa, ankabwera okha kudzapempha kuti tiwadikire sabata imodzi. Koma vesiyo inatha ndisanakhute, mizere 8 basi. Kenaka analowa mnzake, kenaka anyamata awiri amene anasonkhako ndalama ya situdiyo, ndipo pomaliza analowa woimba wina wodziwika wa m'tauni. Uyu anarapa za nsapato zake, za atsikana amene amamulirira, ndi za adani amene akumuchitira nsanje. Za mayi wa mandasi sananenepo ngakhale liwu limodzi.

Nditafunsa m'mene anamupezera munthu wotchukayo, mnyamata anaweramitsa mutu. Anagulitsa soya yense amene analima yekha chaka chatha, natumiza ndalama pafoni. Vesi inabwera patatha miyezi iwiri pa WhatsApp. Awiriwa sanaonanepo maso ndi maso mpaka lero, ndipo nyimbo itatuluka wotchuka uja sanaiike n'komwe pa tsamba lake la Facebook. Vesi ya mwini nyimbo inali ya mizere 16 poyamba, anaidula pakati kuti alendo akwane.

Ndiye maganizo anga ndi awa, ndipo sindikuwabisa. Kolabo ndi chinthu chabwino kwambiri chimene hip-hop inabweretsa, koma makolabo ambiri amene tikumva masiku ano ndi malonda chabe, ndipo amene akuluza pa malondawo ndi ana athu ongoyamba kumene.

Ndiyambe ndi inu anzanga a mu sitafu rumu amene mumati nyimbo zimenezi ndi phokoso la anthu olongolola. Sindikugwirizana nanu. Hip-hop inabadwa ngati ntchito ya pagulu. Anthu ambiri amawerenga chiyambi chake kuchokera pa phwando limene DJ Kool Herc anaimbitsa ku Bronx, mu mzinda wa New York, pa 11 August 1973. M'zaka zotsatira oimba ankayenda m'magulu, monga Furious Five a Grandmaster Flash, Cold Crush Brothers ndi Treacherous Three, ndipo ankapatsirana maikolofoni, wina kuyamba mzere wina kumaliza. Kwa ife amene tinakula tikumva amayi awiri akuyankhizana pamtondo, kapena wotsogolera nyimbo akuponya mawu gulu likuvomera, zimenezi si zachilendo ayi. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ana a ku Bronx aja ankadziwa zimenezi ngakhale mwambiwu sanaumvepo.

Ubwino woyamba wa kolabo ndi wakuti imatsegulira khomo munthu amene sakudziwika. Mu 1991 gulu la Main Source linatulutsa "Live at the Barbeque", ndipo vesi yoyamba anaipereka kwa mnyamata wa zaka 17 wa ku Queensbridge amene analibe chimbale, dzina lake Nas. Vesi imodziyo inachititsa kuti anthu ayambe kumufunafuna, ndipo mu 1994 anatulutsa Illmatic, chimbale chimene mpaka pano chimatchulidwa pakati pa zimbale zapamwamba za hip-hop. Pa Illmatic pomwepo Nas anaitana rapa mmodzi yekha ngati mlendo, AZ, amenenso anthu anali asanamudziwe, ndipo naye anatulukira pomwepo. Mu 1991 momwemo A Tribe Called Quest anaitana Leaders of the New School pa nyimbo ya "Scenario", ndipo vesi yomaliza ya Busta Rhymes inamukweza kuposa gulu lake lomwe. Onani bwino apa: m'nkhani zonsezi wamkulu ndiye anaitana wamng'ono chifukwa anamumva n'kuona luso. Wamng'ono sanagulitse soya kuti agule malo.

Ubwino wachiwiri ndi mpikisano. Munthu ukadziwa kuti pambuyo pako pakubwera katswiri, sulemba zaulesi. Mu 1988 Marley Marl anasonkhanitsa Masta Ace, Craig G, Kool G Rap ndi Big Daddy Kane pa "The Symphony", pa kabiti kosavuta ka piyano kochokera m'nyimbo ya Otis Redding. Palibe chokongoletsa china, ndi amuna anayi basi, aliyense akufuna kuposa amene wangomaliza, ndipo womvera ndi amene amapindula. Mu 1997 Wu-Tang Clan anatulutsa "Triumph", mavesi 9 otsatizana opanda kolasi, kupitirira mphindi zisanu, koma munthu sutopa chifukwa anthu amenewa ankadziwana mawu ngati ana a nyumba imodzi. Mu 2010 Nicki Minaj anaima pa nyimbo ya "Monster" pamodzi ndi Kanye West, Jay-Z ndi Rick Ross, chimbale chake choyamba chisanatuluke, ndipo anthu ambiri amavomereza kuti anawaposa onse. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Pamenepo mwambi unakwaniritsidwa.

Ubwino wachitatu ndi umene ndimafuna aphunzitsi anzanga aumvetsetse. Mawu ambiri akanena chinthu chimodzi amamveka kutali. Mu 1987 Scott La Rock, mnzake wa KRS-One, anaphedwa ndi mfuti. Mu 1988 mnyamata wina anaphedwa pa chiwawa chimene chinabuka pa konsati ya rap ku Nassau Coliseum. KRS-One ndi anzake anayambitsa Stop the Violence Movement, ndipo mu 1989 anatulutsa "Self Destruction" momwe munali Kool Moe Dee, MC Lyte, Heavy D, Doug E. Fresh, Public Enemy ndi ena. Ndalama zake zinapita ku bungwe la National Urban League. Anthu anali ambiri kuposa pa nyimbo ya mnyamata wanga uja, koma aliyense analankhula za mutu umodzi, wakuti achinyamata akuda asiye kuphana okhaokha. Palibe amene anafika n'kuyamba kutamanda nsapato zake. Ndiye vuto si kuchuluka kwa anthu pakokha. Vuto ndi kuchuluka kwa anthu amene sakumvana chimene abwerera.

Tsopano nditembenukire kwa inu ana anga oimba, chifukwa mbali yotsalayi ndi yanu.

Choipa choyamba ndi chakuti nyimbo imataya mutu. Ine ndimaphunzitsa kulemba chimangirizo, ndipo mukukumbukira zimene ndinkakuuzani: ndime iliyonse itumikire mutu. Mukanandipatsa chimangirizo chonena za mayi anu, ndime yachinayi n'kuyamba kukamba za mpira wa Bullets ndi Wanderers, ndikanalemba mzere wofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi. Nanga bwanji pa nyimbo mukuvomera? Izi zikuchitika chifukwa cha m'mene mavesi akupangidwira masiku ano. Kale anthu ankakumana mu situdiyo imodzi, wina akujambula ena akumvetsera, wina n'kung'amba pepala lake kuyambiranso atamva zimene mnzake wachita. Lero biti imatumizidwa pa intaneti, mlendo amajambula kwawo, mwina osamva n'komwe vesi ya mwini nyimbo. Ena amakhala ndi mavesi osungira, ongodikira wogula, ngati zovala za pa kaunjika zimene zimakwana aliyense koma sizinasokedwere munthu aliyense.

Choipa chachiwiri ndi chakuti mlendo atha kukulanda nyumba. Mu 2001 Jay-Z anaitana rapa mmodzi yekha pa chimbale cha The Blueprint, Eminem, pa nyimbo ya "Renegade". Chaka chisanathe Nas anali atamunyoza kale mu "Ether" kuti mlendo wamuposa pa nyimbo yake yomwe, ndipo mkangano wa amene anarapa bwino pamenepo sunathe mpaka lero. Mu 2013 Big Sean anatulutsa "Control" ndi Kendrick Lamar komanso Jay Electronica. Kendrick anatchula mayina a marapa 11 amene amafuna kuwagonjetsa, kuphatikizapo awiri amene anali nawo pa nyimbo yomweyo. Funsani aliyense lero kuti "Control" ndi ya ndani, ambiri ayankha kuti ndi ya Kendrick. Ngati zimenezi zinagwera Jay-Z ndi Big Sean, anthu amene anali kale ndi mayina awo, nanga iwe mwana wa nyimbo imodzi? Anthu amathamangitsa nyimbo kukafika pa vesi ya wotchuka, akamaliza amazimitsa, dzina lako osaligwira.

Choipa chachitatu ndi udani. Mu 1997 LL Cool J anaitana Method Man, Redman, DMX ndi Canibus pa "4, 3, 2, 1". Canibus, amene anali wamng'ono, analemba mzere wonena za chithunzi cha maikolofoni chimene LL anadinda pamkono wake. LL anaona ngati mwano, nalemba vesi yomuyankha. Canibus anasintha mzere wake, koma yankho la LL linatsala m'nyimbo, ndipo mu 1998 awiriwa anali akutukwanana pa nyimbo zosiyana. Zaposachedwa mukuzidziwa bwino kuposa ine. Mu 2023 Drake ndi J. Cole anaimba "First Person Shooter", Cole n'kunena kuti iye, Drake ndi Kendrick ndiwo akuluakulu atatu. Mu March 2024 Kendrick anakana zimenezo pa vesi yaulendo pa "Like That" ya Future ndi Metro Boomin, ndipo moto umene unayaka pamenepo unafika mpaka pa "Not Like Us". Mpikisano umene ndautamanda pamwambapa ndi womwewu, ukasowa ulemu umapsereza.

Choipa chachinayi ndi nkhani ya mwini mawu ndi mwini ndalama, ndipo ndi yakale ngati hip-hop yomwe. "Rapper's Delight" ya Sugarhill Gang, ya mu 1979, ndi nyimbo imene inatengera rap ku mawailesi a dziko lonse. Koma mizere yambiri imene Big Bank Hank anarapa inali ya Grandmaster Caz wa Cold Crush Brothers, ndipo dzina la Caz silinalembedwe pa mbaleyo ngati mlembi. Ndinamufunsa mnyamata wanga ngati pali pepala lililonse lonena kuti nyimbo ikadzapanga ndalama agawana bwanji anthu asanuwo, kapena ngati anailembetsa ku COSOMA. Anandiyang'ana ngati ndalankhula Chilatini. Pamene palibe ndalama onse ndi abale, koma tsiku limene kampani ya mafoni idzafune nyimboyo ndi pamene mudzadziwe kuti ubale wa pa biti ndi wosalimba.

Ndipo tisanamizane, chimene chikuchulukitsa mayina pa nyimbo si luso. Ndi masamu a msika. Pa Spotify nyimbo imawerengedwa kuti yamvedwa ikangodutsa masekondi 30, ndipo dzina lililonse limene lawonjezedwa limakoka otsatira ake. DJ Khaled wamanga ntchito yake yonse pa kusonkhanitsa mayina, ndipo mu 2017 "I'm the One" inafika pa nambala 1 ku America itanyamula Justin Bieber, Quavo, Chance the Rapper ndi Lil Wayne. Mu 2019 "Old Town Road" ya Lil Nas X inakhala masabata 19 pa nambala 1 ya Billboard, mothandizidwa ndi ma remix otsatizana, woyamba wa Billy Ray Cyrus, ina ya Young Thug ndi ya RM wa BTS, yonse ikuwerengedwa ngati nyimbo imodzi. Sindikuti nyimbo zimenezi ndi zoipa kuvina. Ndikuti kumeneko kuli makampani, maloya ndi mapangano olembedwa, ndipo ndalama yolipira mlendo imabwerera. Mwana wa kwathu kuno akutengera chithunzi chokha cha malondawo, makina ake alibe. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Aphunzitsi anzanga, musaseke msanga, chifukwa matenda amenewa ena anawatengera kwa ife. Tonse timapereka ntchito ya m'magulu, ndipo tonse tikudziwa chimene chimachitika m'kalasi la ana 90. Pagulu la ana 8, mtsikana mmodzi amalemba, mnyamata mmodzi amakawerenga kutsogolo, ena 6 amangopereka mayina kuti alembedwe pamwamba pa pepala. Ife timapereka malikisi ofanana kwa onse chifukwa nthawi yatha ndipo silabasi ikutithamangitsa. Kwa zaka zinayi timawaphunzitsa kuti dzina kukhala pa pepala n'chimodzimodzi ndi kugwira ntchito. Akatuluka n'kukaika mayina asanu pa nyimbo ya munthu mmodzi, tidabwe chiyani? Ine ndemwe ndachita zimenezi kambirimbiri, ndipo Loweruka lija ndinachita manyazi.

Ndikudziwa chimene ana anga mundiyankhe, chifukwa mnyamata uja anandiyankha kale. Anati, "Aphunzitsi, inu simukudziwa. Popanda dzina lalikulu ma DJ satsegula n'komwe nyimbo yako." Pali choonadi pamenepo ndipo sindikuchinyoza. Khomo ndi lopapatiza, oimba ndi ambiri, ndipo wosadziwika amavutika. Komanso kolabo yatithandizapo monga dziko. Gemini Major, mwana wa ku Malawi amene anakakhazikika ku South Africa, anatulutsa "Ragga Ragga" mu 2016 ndi Cassper Nyovest, Riky Rick, Nadia Nakai ndi Major League DJz, ndipo dzina lake linamveka kutali. Tay Grin anaimba "Chipapapa" ndi 2Baba wa ku Nigeria, kasewero ka ana athu n'kukamveka kunja. Koma taonani kusiyana kwake. Gemini Major anali kale wokonza mabiti amene oimba a kumeneko ankamufuna, anali ndi chake chobweretsa pa mphasa. Tay Grin anali ndi dzina kale, ndipo nyimboyo inaima pa chinthu chathuchathu chimene mlendo anadzangowonjezerapo. Mlendo amafikira m'nyumba yomangidwa kale. Iwe ukuitana mlendo pamene ulibe ngakhale maziko, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Dzuwa likatuluka utsala wekha ndi ngongole.

Ndipo si zoona kuti popanda alendo munthu sangapite patali. Mu 2014 J. Cole anatulutsa 2014 Forest Hills Drive popanda mlendo ndi mmodzi yemwe, ndipo chimbalecho chinagulidwa makope opitirira miliyoni imodzi. Mudzati iye anali wotchuka kale, ndipo n'zoona. Koma mfundo yake ndi yakuti anali ndi nkhani yoti anene, ya nyumba imene anakuliramo, ndipo anaona kuti munthu wina sangamunenere. Mnyamata wanga nayenso anali ndi nkhani yotero. Anaidula pakati kuti apereke malo kwa munthu wodzatamanda nsapato.

Ndiye ndikupempha zinthu zochepa, ndipo ndi zomwezo zimene ndinamuuza iye tikumwa tiyi pakhonde. Usanaitane munthu, dzifunse chimene iye angachite pa nyimboyo chimene iwe sungathe. Ngati yankho ndi dzina lake lokha, usamuitane. Ukamuitana, muuze mutu wa nyimbo, umutumizire vesi yako, ndipo akabweretsa zosagwirizana ndi mutuwo ukhale ndi mtima womubwezera, ngakhale ndi wamkulu. Ngati n'kotheka khalani m'chipinda chimodzi, mumvane mpweya. Lembani papepala za kagawidwe ka ndalama musanajambule, pamene mukusekererana. Ndipo usadule vesi yako yabwino chifukwa cha munthu wina. Anzako amene anasonkha ya situdiyo uwathokoze, uwabwezere ndalama zawo ukapeza, koma kusonkha si chiphaso cholowera pa maikolofoni.

Kwa inu oimba amene muli kale ndi mayina, ena mwa inu munakhalapo pa mabenchi athu omwewa. Sindikuti muziimba ulere, ntchito ndi ntchito ndipo munthu adye thukuta lake. Koma ukalandira ndalama ya mwana amene wagulitsa zokolola zake, mvera nyimbo yake kaye. Lemba vesi ya nyimbo imeneyo, osati yotola m'thumba. Ikatuluka, iuze anthu ako. Large Professor wa Main Source akanachita zimene ena a inu mukuchita, bwenzi dziko litachedwa kumumva Nas.

Kwa aphunzitsi anzanga, ine ndayamba kusintha. Kuyambira teremu ikubwerayi, pa ntchito ya pagulu mwana aliyense azilemba ndime yake ndi dzanja lake, dzina lake pambali, ndipo ndizisankha ndekha woti akafotokoze kutsogolo, osati amene gulu lamutuma. Zitenga nthawi, ndikudziwa, ndipo mwina pofika pakati pa teremu ndidzakhala ndikudandaula mu sitafu rumu. Mukadzandimva mudzandikumbutse nkhani ya soya.

Mnyamata uja anachoka atakhumudwa pang'ono, sindikubisirani. Anayembekezera kuti ndimuyamikira chifukwa cha dzina lalikulu lija. Koma Lachitatu usiku ananditumizira uthenga kuti mizere 8 imene anadula ija akadali nayo m'kope, ndipo wokonza biti wavomera kuti akajambulenso nyimbo yonse yekha, mavesi awiri, pamtengo wochepa. Wafunsa ngati mayi ake angakaimbe nawo kolasi, poti amaimba kwaya ku tchalitchi. Ndamuuza kuti kolabo imeneyo ndiye ndikuidikira, ndipo ya minibasi yopitira ku situdiyo ndilipira ine.

Amene simukugwirizana nane, makamaka inu a kumbuyo kwa kalasi amene tsopano muli ndi mayina a pa siteji ovuta kutchula, kunyumba mukukudziwa. Bwerani ndi nyimbo zanu, mahedifoni ndili nawo.